Phiri la zotsalira za malasha: ndikwere ndi ana kapena ndilithawe?

Funso

Ndakhala kuno ku Wales zaka ziwiri tsopano, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'dera la Caerphilly. Loweruka lina anzanga a kutchalitchi ananditengera ku Parc Penallta pamodzi ndi ana anga awiri. Tinakwera phiri lobiriwira bwino, ana n'kumathamanga pamsana pa chihatchi chachikulu choumbidwa pansi. Pobwerera m'pamene anandiuza kuti limene tinakweralo si phiri la Mulungu ayi, ndi mulu wa zotsalira za mumgodi wa malasha. Nditawafotokozera agogo ena amene ndimawasamalira, nkhope yawo inagwa, n'kunena kuti iwo sadzapondako pamulu wotere chifukwa cha zimene zinachitika ku Aberfan. Tsono ine ndasokonezeka, poti kuseri kwa nyumba imene tikuchita lendi kulinso kaphiri kofanana nako. Kodi malo amenewa ndi abwinodi kupitako ndi ana, kapena angowaveka udzu kuti tiiwale?

Mayi wa ana awiri, Caerphilly

Yankho

Mayi, agogo ajawo sakunama, komanso anzanu a kutchalitchi sanakuikeni m'kamwa mwa mkango. Milu imeneyi si yofanana, ngakhale kuti poiona patali yonse imaoneka chimodzimodzi. Ine ntchito yanga ndi ya uinjiniya wa dothi ndi miyala, ndipo zaka zambiri ndazithera pa milu yotere, nditavala majombo, kuyeza ngati ikuyenda kapena yakhazikika. Udzu umamera pamulu wabwino ndi woipa womwe, choncho ndikafika pamalo sinditaya nthawi ndi kubiriwira kwake. Ndimafunsa zinthu ziwiri. Madzi a mvula akalowa m'menemu amatulukira kuti? Nanga ndani amene ali ndi udindo wobwera kudzaona ngati njira ya madziyo yatseka?

Tiyambe ndi chimene munapondacho. Malasha sakhala okhaokha pansi pa nthaka. Amagona m'mizere yopanikizidwa pakati pa miyala ina, makamaka mwala wakuda wofewa umene umasweka m'timapale, ndi mwala wamchenga. Pokumba njira zokafika ku malashawo, ndiponso powatsuka kuti agulitsidwe, miyala yonseyi imatsala. M'zaka zomaliza za migodi ya ku Germany, pafupifupi theka la zimene zinkatuluka pansi zinali miyala yopanda ntchito. Inkayenera kutayidwa penapake, ndipo eni migodi ankasankha papafupi ndi potchipa. Ku Wales mulu wotere amautcha tip, ku Germany Halde, ku France terril. Kwathu tikanangoti dzala la mgodi, kapena chulu cha anthu, poti ndi mmenenso chiswe chimachitira: chikafukula pansi, chimaunjika pamwamba.

Za Aberfan ndikufuna muzidziwe bwinobwino, chifukwa mukukhala pakati pa anthu amene bala lawo silinapole, ndipo mudziwo suli kutali ndi kwanuko. Pamwamba pa Aberfan panali milu 7 ya mgodi wa Merthyr Vale, yothiridwa m'mbali mwa phiri, nyumba zili m'munsi. Wa nambala 7 anayamba kuuthira mu 1958, ndipo pofika 1966 unali utatalika mamita 34. Gawo lina la muluwu linakhala pamwamba pa akasupe. Akasupewo sanali chinsinsi: anali pamapu, ndipo anthu a m'mudzimo ankawadziwa. Mulu woyandikana nawo unali utagumukapo kale mu 1944, ndipo wa nambala 7 womwewo unasuntha mu 1963. Makalata odandaula analembedwa. Kuthira kunapitirira.

Lachisanu pa 21 Okutobala 1966, mvula itagwa kwa masabata angapo, muluwo unasungunuka cha m'ma 9:15 m'mawa n'kutsika phiri ngati phala lakuda. Ana anali atangolowa m'makalasi pa sukulu ya Pantglas, tsiku lomaliza asanatsekere tchuthi cha pakati pa teremu. Anthu 144 anafa, 116 mwa iwo ana, ambiri a zaka zapakati pa 7 ndi 10. Bwalo lofufuza linapeza kuti wolakwa anali National Coal Board, bungwe la boma loyendetsa migodi, koma palibe amene anazengedwa mlandu kapena kuchotsedwa ntchito. Ndipo anthu a m'mudzimo atakakamira kuti milu yotsalayo ichotsedwe, boma linatapa mapaundi 150,000 m'thumba la chipepeso kuti athandizire kulipira ntchitoyo. Ndalamazo zinabwezedwa mu 1997. Mukamaona nkhope ya agogo aja ikugwa, dziwani kuti si chisoni chokha. Mulinso mkwiyo.

Ife a ku Malawi chinthu chimenechi tili ndi dzina lake. Amene anaona zimene zinachitika ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, kapena akuluakulu amene amakumbukira za ku Phalombe mu 1991, amadziwa napolo. Wa ku Aberfan anali napolo womanga anthu ndi manja awo.

Chimene chimachitika m'kati mwa mulu n'chosavuta kumva. Ganizani za mchenga womangira nyumba umene galimoto yakhuthula pabwalo. Ukakhala wouma kapena wonyowa pang'ono, umaima chilili, chifukwa timiyala take takanikizana, kalikonse kagwira kanzake. Mulowetse paipi ya madzi pansi pake n'kutsegula mpopi. Kwa kanthawi simuona kanthu. Koma madziwo akudzaza timipata tonse ta m'kati, n'kuyamba kusenza kulemera kumene timiyala tinkasenza, ndipo timiyala tikasiya kukanikizana, mulu wonse umayenderera nthawi imodzi. Mulu wa mgodi wothiridwa mwachisawawa kuchokera pamwamba, wosapondedwa, wokhala pakasupe, pamalo otsetsereka, m'dziko la mvula ngati Wales, uli ngati mchenga umenewu. Kusiyana kwake n'kwakuti umalemera matani mazanamazana a zikwi.

Tsono kusandutsa dzala lotere kukhala paki si kubzala mitengo chabe. Mitengo imabwera pomaliza. Choyamba amagwetsa msongwe wake n'kugoneka mbali zake kuti zisakhale zoimirira, nthawi zina n'kudula masitepe akuluakulu m'mbalimo ngati mmene timachitira ndi migula m'munda wa paphiri. Amaponda ndi makina olemera kuti mpweya ndi madzi zisapeze polowera. Nthawi zina amayamba atsukanso mulu wonsewo kuti achotse malasha otsalira, omwe amagulitsidwa n'kuthandiza kulipira ntchitoyo. Kenako ngalande: zina pamwamba zopatutsa madzi ochokera kuphiri, zina m'mbali, zina zokwiriridwa pansi zotulutsa madzi a akasupe. Akatero m'pamene amayala dothi, kuthira laimu pamene pali asidi, n'kubzala. Pa milu yokayikitsa timamizamo timapaipi toyezera kuti madzi afika pati m'kati, ndi zikhomo zimene timabwera kudzayeza ngati zasuntha.

Koma ngalande si chinthu chomanga kamodzi n'kuiwala, ndipo apa m'pamene ine ndimataya tulo. Chaka china m'nyengo yozizira ndinatumidwa kukaona mulu wina umene unali m'manja mwa mlimi wa nkhosa. Anaugula ngati busa, ndipo sindikukhulupirira kuti anamuuza zonse zimene ankagula. Unali wokongola, udzu wometeka bwino ndi mano a nkhosa. Nditazungulira kumtunda kwake ndinapeza pakamwa pa paipi yaikulu ya madzi patatseka: masamba, thumba la chakudya cha ziweto, ndi tayala lakale zitamatirira pa zitsulo zosefera. Kumbuyo kwake madzi anali atadikha, ofika m'maondo, akulowa mwakachetechete m'mulumo. Nditatsikira kutsinde, jombo yanga inamira mpaka m'katumba pamalo pamene panayenera kukhala pouma, ndipo m'dzenje limene phazi langa linasiya munadzaza madzi akuda. Kutsegula paipiyo kunatitengera theka la ola, anthu awiri ndi reki imodzi. Kumunsi kwake kunali nyumba. Palibe amene anali woipa mtima pankhaniyi. Kungoti palibe amene ankadziwa kuti ntchito imeneyo ndi yake.

Mdani wachiwiri ndi moto. Milu yakale ili ndi malasha ambiri otsalira, komanso mwala wonyezimira ngati golide wotchedwa pyrite. Zimenezi zikakumana ndi mpweya zimatenthera pang'onopang'ono, ndipo kutenthako kukasowa kothawira, mulu umayaka wokha m'kati, popanda woyatsa machesi. Umatha kunyeka zaka makumimakumi. Pamwamba pamaoneka bwinobwino, koma pansi pasanduka phulusa ndi mphako. Kumadera kumene agogo athu ambiri anakagwira ntchito vutoli likadalipo. Ku Hwange ku Zimbabwe, kumene akale ankati ku Wankie, kumene ngozi ya mumgodi inapha anthu 427 mu 1972 kuphatikizapo ochokera ku Malawi, ana akhala akupsa miyendo atatitimira m'nthaka yonyeka pansi, pafupi ndi malo otayirako zotsalira za malasha. Kumeneko mulu wa mtundu womwewo umene ku Ulaya akuuikira mabenchi ukadali msampha. Miyala yake ndi yofanana, chimene chasiyana ndi ndalama ndi lamulo lokakamiza mwini wake.

Amene anafika patali pa nkhani yosandutsa milu kukhala malo osangalalirako ndi a ku Germany, m'dera la Ruhr. Pakati pa 1989 ndi 1999 kunali ntchito yaikulu yokonzanso derali yotchedwa IBA Emscher Park, ndipo maganizo ake anali akuti zotsalira za migodi ndi mafakitale zisabisidwe ngati chinthu chochititsa manyazi. M'malo mwake anaika chizindikiro pamwamba pa milu ikuluikulu kuti munthu akakwera umodzi aziona inzake. Ku Bottrop anamanga Tetraeder mu 1995, chimango chachitsulo cha ngodya zinayi, mbali iliyonse yotalika mamita pafupifupi 60, choima pa nsanamira zinayi za konkire. Ndinakwerapo madzulo ena a mphepo. Ukamaliza masitepe pafupifupi 400 okwera muluwo, mpweya uli phuu, umapeza kuti ulendo wangoyamba. Masitepe a m'chimangomo ndi a chitsulo chamabowo, ukayang'ana pamapazi umaona pansi patali, ndipo ena ndi opachikidwa pa zingwe, moti amagwedera anthu akamayenda. Nsanja yapamwamba, pa mamita 38, anaipendeketsa dala. Bambo wina wachikulire amene anali patsogolo panga anakwera osagwira n'komwe chitsulo cha m'mbali, n'kuyamba kulozera mdzukulu wake mmene munali migodi, umodzi umodzi, kuitchula mayina. Ine ndinali nditagwiritsa ndi manja onse awiri, uinjiniya wonse utathawa.

Pamulu wa Haniel, kufupi komweko, pali njira ya mtanda yokwera mpaka pamwamba, ndipo Lachisanu Loyera anthu zikwizikwi amakwera akupemphera, motsogozedwa ndi bishopu wa ku Essen. Pamwambapo anaikapo bwalo la zisudzo ndi mzere wa mitengo yakale ya njanji imene mmisiri wa zojambula Agustín Ibarrola anaipaka utoto wamitundumitundu. Mgodi umene unabala mulu umenewu, Prosper-Haniel, ndi umene unali womaliza mwa migodi yakuya ya malasha m'dziko lonse la Germany, ndipo unatsekedwa mu Disembala 2018. Ku Moers anaimika nyali ya mumgodi yofiira yotalika mamita pafupifupi 30. Si zonse zimene zinayenda bwino. Pamulu wina wa ku Bottrop anamangapo chinyumba chachitali chotsetserekamo pa chipale chofewa, chimene chinatsegulidwa mu 2001, ndipo patapita zaka nsanamira zake zinayamba kusuntha mpaka anachita kuthira dothi lina m'mbali kuti achirikize. Mulu wa mgodi umalola mapazi a anthu, njinga ndi mabenchi. Chinyumba cholemera umachikana.

Kumpoto kwa France nkhani yake inayenda mwina. Kumeneko milu yambiri ndi yosongoka ngati chulu chenicheni, yakuda bii, ndipo migodi itatha (womaliza unatsekedwa ku Oignies mu Disembala 1990) akuluakulu ambiri ankafuna ingophwasulidwa, miyala yake ipite kukamangira misewu. Yambiri inapitadi choncho. Koma ana a anthu a mumgodi anakana kuti yonse ithe. Dziko lawo ndi lathyathyathya, ndipo mapiri okhawo amene ali nawo ndi amene makolo awo anatulutsa pansi ndi thukuta. Mu 2012 bungwe la UNESCO linaika dera lonse la migodi la Nord-Pas-de-Calais pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, milu ili momwemo. Amapasa awiri a ku Loos-en-Gohelle, amene nsonga zawo zili pa mamita oposa 180 kuchokera pa nyanja, ali m'gulu la milu yaitali kwambiri ku Ulaya konse, ndipo anthu amakwera tsiku lililonse. Ku Haillicourt anabzala mphesa m'mbali mwa mulu mu 2011, poona kuti mwala wakuda umasunga kutentha kwa dzuwa. Vinyo wake, wa mphesa za chardonnay, anamutcha Charbonnay, kuseweretsa mawu akuti charbon, malasha m'Chifalansa. Pa milu ina pamamera mitengo ya maapozi, ndipo eni dera amati inachokera ku njere za zipatso zimene anthu a mumgodi ankadya pansi n'kutaya zitsotso m'ngolo za miyala.

Musatengeke nazo kwambiri zimenezi, mayi, chifukwa pali kusiyana kumodzi kumene zithunzi zokongola sizionetsa. Milu ya ku Ruhr ndi ya ku France yakhala pachidikha. Ikati igumuke, imagwera pamapazi pake. Komanso ikuluikulu ya ku Ruhr ndi yaposachedwa, inamangidwa mosanjikiza, gawo lililonse likupondedwa, mainjiniya akudziwa kale kuti mapeto ake lidzakhala phiri loyendapo anthu. Ya m'zigwa za kumwera kwa Wales yambiri ndi yakale, inathiridwa pamwamba pa mapiri ndi m'mbali mwake chifukwa pansi pachigwa panali patadzaza kale mgodi, njanji, mtsinje ndi nyumba. Ili pamwamba pa mitu ya anthu.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoichotsa yonse. Ku Wales kuli milu yosiyidwa yoposa 2,500. Ndalama zake palibe boma limene lingazipeze, ndipo kukumba mulu umene wakhazikika zaka 60 kumatha kuudzutsa, kapena kulowetsa mpweya pamene panali moto wogona. Ndiye miyalayo mukaitaya kwa yani? Palinso china chimene ine ndinachedwa kuchivomereza. Dothi losauka la pa milu yakale, limene ife mainjiniya tinkathamangira kulikwirira ndi dothi lachonde, lasanduka kwawo kwa maluwa, bowa, njuchi zam'tchire ndi tizilombo tosowa kwina konse. Pamulu wa ku Maerdy anapezapo bongololo amene anali asanaonekepo ku Britain, n'kumupatsa dzina loti Maerdy Monster. Lero ndikaona mulu wokhazikika, wosaopseza nyumba ya munthu, ndimati ausiye mmene ulili, angosamala madzi ake.

Tibwere pakhomo panu. Lamulo limene linakhazikitsidwa mu 1969 chifukwa cha Aberfan linapangidwa migodi ikugwirabe ntchito, ndipo itatsekedwa, milu yambiri inagwera m'manja mwa anthu wamba ngati mlimi uja. Dziko linadzidzimuka mu Febuluwale 2020, pamene namondwe Dennis anagwetsa matani pafupifupi 60,000 pamulu wa ku Tylorstown m'chigwa cha Rhondda. Mwamwayi sanaphe munthu. Mu Novembala 2024 namondwe Bert anatsitsa matope akuda m'misewu ya ku Cwmtillery, mabanja n'kusamutsidwa usiku. Kuchokera mu 2020 boma la Wales lawerenga milu yonse n'kuiika m'magulu, ndipo mu 2025 nyumba ya malamulo ya Wales, yotchedwa Senedd, inavomereza lamulo latsopano lokhazikitsa bungwe loyang'anira milu imeneyi.

Chochita chanu choyamba n'chapafupi. Pa webusaiti ya boma la Wales pali mapu a milu yosiyidwa. Pezani kaphiri ka kuseri kwanuko muone gulu lake. Magulu C ndi D, amene ali ndi milu pafupifupi 350, ndi amene amayenderedwa kawirikawiri: C kamodzi pachaka, D kawiri. Mukapeza kuti kanuko ndi D musayambe kumanga katundu usiku womwewo. Chilembocho chikunena za kukula kwa zimene zingaonongeke ngati mulu utasuntha, osati kuti watsala pang'ono kugwa. Kunena zoona, mulu wa D umene anthu amauyendera kawiri pachaka umandiopsa pang'ono kuyerekeza ndi umene aliyense anauiwala.

Chachiwiri, inu mumauona tsiku lililonse, pamene woyendera amabwera mwa apo ndi apo, choncho maso anu ndi ofunika. Mukaona ming'alu yatsopano m'mbali mwake, makamaka yopingasa chakumtunda. Kutsinde kukutupa ngati mimba. Mitengo, mipanda kapena mapolo zikupendekera. Madzi akutuluka pamene sankatuluka, kapena kamtsinje kamene kankayenda kataphwa mwadzidzidzi mvula ikugwa. Madzi oyera atasanduka akuda. Ngalande itatseka, imbirani khonsolo kapena Mining Remediation Authority, imene kale inkatchedwa Coal Authority. Musaope kuti mukuwavutitsa kapena kuti ndinu mlendo. Ngati muona dothi likuyenda, tulutsani ana, muimbe 999 muli kale panja. Madzi ofiirira ngati dzimbiri ndi chitsulo chosungunuka kuchokera m'miyala: si chizindikiro cha kugumuka, koma ana asasewere nawo. Fungo la sulufule, nthunzi yotuluka pansi, kapena kachigawo kamene chisanu sichigwira pamene ponse pozungulira payera, zimenezo ndi za moto. Ndipo pamulu uliwonse, ngakhale wa paki, musakoleze moto wootcha nyama pansi. Ndikudziwa kuti ife tikasonkhana sitichedwa kutulutsa mbaula.

Ku Penallta pitaninso ndi anawo mtima uli m'malo. Mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1991, mulu wake anaukonza m'zaka zotsatira, ndipo uli m'manja mwa khonsolo ya Caerphilly, kutanthauza kuti mafunso anga awiri aja ali ndi woyankha. Yendani m'njira zokonzedwa, ndipo sabata ya mvula yosalekeza khalani kunyumba, monga mmene simungakwerere Mulanje mitambo itatseka. Chihatchi chija dzina lake ndi Sultan. Ndi chotalika mamita 200, anachiumba Mick Petts ndi matani pafupifupi 60,000 a miyala ya mumgodi momwemo, ndipo dzinalo anthu a m'deralo anachipatsa pokumbukira kavalo wina wokondedwa mwa akavalo amene ankakoka ngolo za malasha pansi pa nthaka.

Agogo aja musawakakamize kupitako, ndipo musayese kuwatsimikizira kuti masiku ano zinthu zili bwino. Ngati ali a m'zigwa momwemo, n'kutheka kuti bambo awo, mchimwene wawo kapena amuna awo anali m'gulu la anthu a mumgodi amene anathamangira ku Aberfan tsiku lija kukafukula ndi mafosholo ndi manja. Tsiku lina akadzakhala ndi mphamvu, mukuwapatsa tiyi, afunseni kuti uthengawo unawapeza ali kuti.